M'mene Apongozi Anandigwirira Pakhosi ku Coolock

Kwa abale ndi anansi onse amene kalata iyi idzawapeza,

Ndikulemba pofuna kuwongola nkhani imene yakhala ikuyenda mokhota kwathu ku Nathenje, yonena kuti ine ndinamenya apongozi anga ndi chigongono kuno ku Ireland. Nkhaniyi sindikuikana. Pempho langa ndi lakuti aliyense ayambe wamva mutu wake asanathamangire kumchira, pakuti chigongonocho chinabwera kumapeto kwa zinthu zambiri.

Poyamba ndifotokoze za apongoziwo. Iwo ndi mayi Nabanda, ang'ono awo a mayi amene anabereka mkazi wanga, bere limodzi. Malinga ndi mwambo wathu, amenewo ndi apongozi enieni, osati ongoyerekeza. Anabwera kuno kalekale kudzaphunzira za unamwino, ndipo atamaliza anapeza ntchito pa chipatala china cha odwala matenda a maganizo. Pa ukwati wathu analipo, koma ine ndinali mkamwini watsopano, ndipo maso anga anali pansi.

Ine sukulu ndinalekezera panjira. Ndinagwirapo ntchito ya umesenjala mu ofesi ina ku Lilongwe, kenaka ya ulonda. Pamene ana anayamba kukula, munda wa kuchikamwini n'kuyamba kuchepa, ndinaona kuti mawu aja akuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda akunena ine. Mayi Nabanda ndiwo anathandiza ndi uphungu wa mapepala a ulendo, koma zonse zinkadzera mwa mkazi wanga, mayi a Tadala, monga mwa dongosolo.

Tsiku limene ndinatera pa bwalo la ndege la Dublin, iwo anabwera kudzandichingamira. Nditangomva mawu akuti "Bambo a Tadala!" ndinatula chikwama, ndinanjuta pomwepo, nkhope ndinalozetsa kumbali, ndi kuyamba kuwomba m'manja. Anthu okankha katundu ankandilambalala. Mzungu wina wa yunifomu anabwera kudzafunsa ngati ndadwala.

"Akamwini, dzukani," anatero mayi Nabanda. "Kuno akuitanirani ambulansi."

Ndinadzuka, koma m'galimoto mwawo ndinakhala kumbuyo, maso ali pazenera. Kuchokera tsiku limenelo ndinasunga mwambo mosaphonya. Ku tchalitchi ndinkakhala mbali ina. Ndikawaona akubwera pa msewu wa Moore, ndinkalowa mu shopu iliyonse imene ili pafupi, ngakhale yogulitsa mawigi. Uthenga wanga wopita kwa iwo unkayamba wapita ku Nathenje pa foni, kenaka n'kubwerera ku Dublin.

Malo ogona ndinawapeza kufupi ndi msewu wa Parnell, m'chipinda chapamwamba pa shopu, pamodzi ndi bambo wina wa ku Chipata, dzina lake a Mwale. Chipindacho chinali chopapatiza, zenera lake lotuluka thukuta nyengo yozizira, ndipo zovala tinkayanika pa mpando pafupi ndi hita. A Mwale ndi munthu wamfupi, wojintcha, wosatha kukhala chete. Ankanditchula "mudala" ngakhale kuti msinkhu wathu ndi umodzi. Ndiwo anandiphunzitsa kuvala masokosi awiriawiri, kuthokoza dalaivala potsika basi, ndiponso kusayankha mwatsatanetsatane mzungu akafunsa kuti muli bwanji. Nditadwala chimfine chachikulu chaka choyamba, iwo ndiwo ankandiphikira phala asanapite ku shifiti, uku akunditukwana kuti Amalawi mafupa athu ndi a bango.

Ntchito yanga yoyamba inali yokolopa pa bwalo la ndege lomwelo. Pambuyo pake ndinapeza laisensi ya ulonda, ndipo kampani ina inandiika pakhomo la sitolo yaikulu ya zovala ku Coolock, dera lina la mu Dublin momwemo. Ntchito imeneyi ndinaikonda. Inali yoima tsiku lonse, miyendo inkatupa, koma maola ake anali okwanira. Kuchokera pakhomo limenelo mwana wathu Tadala analowa sekondale yogonera konko, ndipo nyumba ya kwathu inafoleredwa ndi malata.

Tsopano ndifike pa vuto. Masana ena kukugwa mvula, mnyamata wina anatuluka ndi majekete osalipira atawakulunga m'khwapa. Ine ndinaima kutsogolo kwake ndi kumupempha mwaulemu kuti abwerere ku kauntala. Sindinadziwe kuti ali ndi mnzake. Mnzakeyo anandidzera kumbuyo n'kundikulunga mkono pakhosi. Ndikukumbukira fungo la fodya pa juzi yake. Ndikukumbukira kuti ndinayesa kukanda mkonowo ndi zikhadabo, ndipo mdima unayamba kubwera kuchokera m'mbali mwa maso ngati munthu akutseka makatani. Ndinatsitsimuka ndili chagada pansi, anthu atandizungulira. Ndikulemba mosabisa, chifukwa kalata iyi ndi ya choonadi: buluku langa linali litanyowa, ndipo sinali mvula.

Thupi linachira msanga, koma mtima sunachire. Munthu akangodutsa kumbuyo kwanga, ndinkadzidzimuka n'kutembenuka. Pakhomo ndinayamba kuima nditatsamira khoma, ndipo mlonda wotsamira khoma amaona theka la ntchito yake. Patapita nthawi, kampani inatiitana ku maphunziro a chaka ndi chaka a kudzipulumutsa munthu akakugwira. Mphunzitsi wake anali chimzungu chachikulu chometa mpala. Atangoika mkono wake paphewa langa kuchokera kumbuyo, ine ndinakuwa, n'kugwada pansi anzanga onse akuona.

Supavaiza wathu, mayi wina dzina lake Orla, anandiitanira mu ofesi. Analankhula mokoma mtima, koma tanthauzo lake linali lomveka. Anandichotsa pakhomo n'kundiika ku geti ya kumbuyo kolowera malole, kumene maola ake ndi ochepa kwambiri. Anati maphunzirowo adzabwerezedwa nyengo yozizira ikatha. Ndikadzapambana, ndidzabwerera pakhomo. Ndikadzagwadanso, kampani sidzakhalanso ndi malo ondiika. Motero zonse zimene ndinachokera kwathu zinali pa khosi langa lomweli.

Nditawauza a Mwale, anayamba aseka, kenaka anati: "Mudala, manje mufuna kuchita bwanji? Mubwelele ku Nathenje kukauza bakazi banu ati ninathawa mkono? Iyayi. Pa Chibili nizakutengani kwamene nimayenda ine."

Kumene ankapita iwo kunali ku holo ina ya kuseri kwa tchalitchi ku Coolock komweko, kumene anthu amaphunzira jujutsu. Ine ndinkayesa kuti amapita kukachepetsa mimba chabe. Jujutsu ndi luso lakale la ku Japan, limene asilikali a kumeneko ankadalira lupanga likawapulumuka. Mphunzitsi amamutchula kuti Sensei. Wathuyo anali nkhalamba ya konkuno, yowonda, imene inapuma pa ntchito yoyendetsa basi. Pansi pa holoyo ankayalapo mphasa zofewa, ndipo munthu sapondapo ndi nsapato kapena asanawerame. Mwambo umenewu unandikhazika mtima pansi, chifukwa ndinaona kuti anthu ake ndi aulemu.

Sensei atamva nkhani yanga, anandikhazika pansi ndi kundifotokozera chimene chinandichitikira, chimene ngakhale ku chipatala sanandiuze. Anati kukanyanga munthu pakhosi kuli mitundu iwiri. Wina amafinya kholingo kuti mpweya usadutse. Kumeneko kumapweteka kwambiri koma kumachedwa. Wina amafinya mitsempha iwiri ya m'mbali mwa khosi, imene imapititsa magazi kumutu. Kumeneko sikupweteka kwenikweni, koma mdima umabwera mwamsanga. Anati Ajapani akale anaphunzira zonsezi mwadongosolo: kugwira ndi mkono wokha kuchokera kumbuyo, kumene amati hadaka-jime, ndiponso kugwira ndi kolala ya malaya a munthu mwiniyo, manja atapingasa. Ndipo anandiuza lamulo lalikulu la pamphasa: wogwidwa akamva kuti zafika, amagogoda ndi dzanja pa thupi la mnzake, ndipo wogwirayo amasiya nthawi yomweyo, popanda kufunsa.

Mbali ina ya lusoli ndi kumenya, kumene amati atemi. Sikufanana ndi nkhonya za pamowa zoponya mkono wonse. Amamenya ndi chigongono, ndi chidendene, ndi tsinde la chikhatho, ndi mphepete mwa dzanja, ndipo amasankha malo: pansi pa nthiti, pachibwano, pamsongolo, pamwamba pa phazi. Sensei ankakonda kunena kuti, "Sumenya kuti munthu agwe. Umamenya kuti aiwale mkono wake." Mbali imeneyi ndinaigwira msanga. Ndinkamenya pilo wachikopa mpaka zigongono kuchita zikang'a, ndipo ku geti ya malole, kukakhala kulibe lole, ndinkabwereza mayendedwe a mapazi pa simenti.

Koma pa za khosi zinakanika. A Mwale akangoima kumbuyo kwanga, ine ndinkagogoda mkono usanafike n'komwe.

"Ah, mudala!" ankatero a Mwale. "Mugogoda monga munthu wamene afuna toileti. Nikalibe kukugwilani!"

Iwo akayamba kuseka, mimba yawo inkandigunda kumsana, ndipo zonse zinkasokonekera. Milungu inapita, masamba anathothoka m'mitengo, ine ndili pamodzimodzi. Tsiku lina Sensei anandiuza kuti vuto langa likufuna munthu wa manja odekha, ndipo anati ndibwere Lachinayi, chifukwa tsiku limenelo kumabwera wophunzira wake wina wodziwa bwino anthu a mantha. A Mwale atamva zimenezi anayamba kutsokomola.

Lachinayi ndinapita. Ndinavula nsapato, ndinawerama, ndipo podzutsa mutu ndinaona mayi wachikuda wa zovala zoyera ndi lamba wa bulauni akugwetsa mnyamata wamtali ngati thumba la chimanga. Mayiyo atatembenuka anati, "Bambo a Tadala!" Mawuwo ndinawadziwa. Ndinabwerera chafutambuyo, ndinatuluka panja wopanda nsapato, n'kukanjuta pafupi ndi khoma la poimika magalimoto. Simenti inali yozizira ngati ayezi.

Iwo ananditsatira, a Mwale ali pambuyo pawo. Ine nkhope ndinalozetsa kukhoma.

"A Mwale," ndinatero, "auzeni mayi kuti ndapepesa, sindinadziwe kuti amapezeka kuno."

"Ba mayo, ati apepesa, sanadzibe kuti..."

"Ndamva ndekha, a Mwale, ndili pompano," anatero mayi Nabanda. "Akamwini, mwana wanga, mkazi wanuyo, wandiuza zonse. Akuti anakuikani ku geti ya malole. Ndi zoona?"

"A Mwale, auzeni mayi kuti ndi zoona. Ndiponso muwauze kuti inu munadziwa kuti iwo amabwera kuno, ndipo munandibisira."

"Mudala, ndiwo bananibweletsa kuno ine! Nikanakuuzani, sembe munabwela?"

Mayi Nabanda anati: "Tamverani, akamwini. Ine ndinayamba zimenezi chifukwa wodwala wina anandigwira pakhosi ndili pa duty, mpaka ndinakomoka. Chimene chikukuchitikirani ndikuchidziwa mpaka fungo lake. Ndikhoza kukuthandizani. Lowani, mapazi aphulika ndi chisanu."

Ndinayankha kudzera mwa a Mwale kuti ndikuthokoza kwambiri, koma sizingatheke. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sadya nawo, sadutsana nawo panjira yopapatiza. Nanga kugwirana makosi? Ndinapempha a Mwale kuti anditengere nsapato, ndipo ndinakwera basi.

Ndikufuna owerenga amvetse kuti sindinakane chifukwa cha kuuma mutu. Munthu ukakhala kutali, zinthu zambiri za kwanu zimakuthothoka chimodzichimodzi: chakudya, nyengo, ngakhale dzina lako amalitchula mokhota. Ulemu wa kwa apongozi ndicho chinthu chimodzi chimene ndinafika nacho chathunthu, ndipo sindinafune kuti nachonso chithere pa mphasa za eni. Komabe nyengo yozizira inali kutha, ndipo ine ndinali ndikugogodabe mkono usanafike. Kubwerera kwathu chimanjamanja ndinakukana mumtima mwanga. Kuphwanya mwambo ndinakukananso. Ndinapitiriza kupita Lachiwiri lokha, ndikuyembekeza kuti khama lidzatsegula njira, koma silinatsegule.

Lamulungu lina masana, titaweruka ku tchalitchi, tinamva kugogoda pachitseko cha chipinda chathu. A Mwale anatsegula, ndipo analowa mayi Nabanda atavala chitenje pamwamba pa jekete, m'manja muli jumbo ya buluu. Chipinda chathu chinalibe kothawira. Ndinanjuta pakati pa bedi ndi hita.

"A Mwale, lero ndinu mboni," anatero. "Akamwiniwa akuti amasunga mwambo. Chabwino. Mwambo womwewo uli ndi khomo lake. Kwathu mkamwini akakhalitsa, ana n'kubadwa, khalidwe lake n'kuoneka, apongozi amamuphera nkhuku, amamuphikira ndi manja awo, iye n'kudya pamaso pawo. Zikatero amasukirana. Ndanama, akamwini?"

Sananame. Mwambowo ulipo, ndipo ine ndinkaudziwa, koma sindinaganizepo kuti ungachitike pamwamba pa shopu ku Dublin. Ndinayankha kuti nkhani yotere siingayende popanda akuluakulu a kwawo. Iwo anati anaganiza kale zimenezo. Anatulutsa foni, anaimba ku Nathenje, n'kuiika pa tebulo kuti tonse tizimva. Kumeneko anali atasonkhana kale: mkazi wanga, apongozi aakulu amene anabereka mkazi wanga, ndi a malume awo a mkazi wanga, amene ndi nkhoswe ya banja lathu.

Apongozi aakulu ndiwo anayamba kufunsa. "Nkhukuyo ndi yamoyo?"

"Achemwali, kuno ukakwera sitima ya mumzinda, Luas, ndi nkhuku yamoyo akumanga. Ndi ya mufiriji, koma ndi yolimba ija, yoikira mazira. Ndagula ku Moore Street."

"Nanga nthutumba ilimo? Mkamwini amadya nthutumba."

"Kuno amagulitsa nkhuku payokha, nthutumba pazokha. Ndagula paketi yathunthu. Adya mpaka atopa."

A malume anatsokomola n'kugamula kuti nkhuku ndi nkhuku, malinga yaphikidwa ndi manja a apongozi ndipo mboni ilipo. Koma apongozi aakulu anali asanathe.

"Iwe Nabanda, ndamva zimene ukufuna. Kumasukirana n'kwakuti muzilankhulana ndi kudyera pamodzi. Sikuti muzigwirana makosi ngati atambala! Anthu adzati chiyani kuno?"

"Achemwali," anatero mayi Nabanda, mawu atatsika, "munthuyu akapanda kugwidwa khosi ndi ine, ntchito imuthera. Abwera kumeneko kudzakhala pakhonde panu, ndipo Tadala abwerako kusukulu term isanathe. Sankhani chimene anthu anene."

Pa foni tinamva tambala akulira kwathu ku Nathenje. Kenaka mkazi wanga analankhula, ndipo anali asanalankhulepo pamaso pa a malume ake chotere. Anati, "Amayi, aloleni." Apongozi aakulu anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Um'gwire. Koma usam'phe, ndi mkamwini wabwino."

Mayi Nabanda anaphika nkhukuyo pa sitovu yathu yaing'ono, ndipo inatenga masana onse kuti ifewe. A Mwale ankangozungulira poto, akuti mboni iyenera kulawa. Itapsa, anaika nthutumba m'mbale, anagwada, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinadya. Atatero anati, "Tsopano ndiyang'aneni." Ndinadzutsa maso. Ndinaona mayi wa imvi za m'mbali, wa mpata pakati pa mano, maso ofanana ndi a Tadala. Ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkadziwa nsapato zawo zokha.

Lachinayi lotsatira tinayamba. Njira yawo inali yosiyana ndi ya a Mwale. Tsiku loyamba sanandigwire n'komwe. Anangoima kumbuyo kwanga n'kumandifunsa za mitengo ya fetereza kwathu, mpaka ndinaiwala kuti ali kumbuyo. Tsiku lina anaika dzanja paphewa. Tsiku lina anakulunga mkono, koma osafinya, n'kumalankhula pafupi ndi khutu langa monga amachitira ndi odwala awo.

"Pumani, akamwini. Mpweya ukudutsa kapena ayi?"

"Ukudutsa, mayi."

"Ndiye mukufera chiyani? Chibwano pansi. Mapewa m'mwamba. Manja anu onse awiri akole mkono wangawu, muukokere pansi ngati mukuthyola nthambi ya mango. Osakanda, si inu mphaka."

Ndinagogoda kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse ankasiya pomwepo. Chimenechi ndicho chinayamba kundichiritsa: kudziwa kuti mkono ukhoza kuchoka. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kufinya, ndipo ine ndinayamba kuzindikira kuti pakati pa kugwidwa ndi mdima pali kanthawi, kochepa ndithu, koma kokwanira munthu wodziwa chochita.

Tsiku lina anatembenuka n'kundipatsa msana. "Lero mundigwire ndinu."

Ndinati nkhuku ija sinafike pamenepo. Iwo anati inafika, chifukwa nthutumba zinali paketi yathunthu. Sensei nayenso anati munthu sangathawe msampha umene sanautcherepo. Motero ndinapepesa, ndinakulunga mkono wanga pakhosi pa apongozi, kholingo lawo lili m'kati mwa chigongono changa monga anandiphunzitsira, kuti ndisalipweteke. Ndinamva mitsempha yawo ikugunda pa mkono wanga. Ndinafinya pang'onopang'ono, ndipo anagogoda, ndinasiya. Anati ndibwereze, koma ulendo uno sagogoda. Ndisanafinye n'komwe, anatsitsa chibwano, anakhala ngati akukhala pa mpando, anasuntha chiuno kumbali, ndipo ndinapeza kuti nthiti zanga zonse zili poyera, mapazi anga ali pansi pa chidendene chawo. Pamenepo ndinaona chimene sindinachione tsiku la mvula lija: wogwira mnzake pakhosi manja ake onse ali pa ntchito, alibe chotchingira thupi lake. Mnyamata uja amene ndinkamulota ngati chilombo anali munthu wa nthiti ngati ine.

Chinatsala ndi chigongono. Mayi Nabanda ankavala chotchinga chochindikala m'nthiti, ndipo ine ndinkayenera kumenya pamenepo kuti mkono wawo ufooke, ndipite pansi pake ndi kutuluka. Pilo ndinkamumenya mwamphamvu, koma pa iwo chigongono changa chinkafika ngati ndikuwasansa fumbi. Anandichenjeza kangapo. Potsiriza, kutatsala masiku ochepa kuti mayeso a kampani achitike, anati: "Lero sindisiya chifukwa cha kusisita kwanuko. Mukafuna, gogodani, ndisiya, koma mukatero mukagogodenso kwa Orla. Apo ayi, menyani."

Anandigwira, ndipo anafinya kuposa masiku onse. Ndinatsitsa chibwano, ndinakoka mkono, ndinasuntha chiuno. Ndinasisita ndi chigongono, sanasiye. M'mbali mwa maso munayamba kuda. Dzanja langa linanyamuka lokha kuti ligogode, ndipo ndinalibweza.

"Menyani!" anakuwa. "Munadya nkhuku yanga!"

Ndinamenya. Ndinamva mpweya ukuwatuluka, mkono unafooka, ndinalowa pansi pake n'kupezeka ndaima patali, manja ali patsogolo. Iwo anakhala pansi pa mphasa atagwira m'nthiti. Ndinagwada pafupi nawo ndikupepesa, koma anandikankha, akuseka uku akutsokomola. "Iii, koma mwana wanga anakwatiwa ndi bulu. Ndi chimenecho! Muchisunge chimenecho." Sensei anangogwedeza mutu, n'kupita kwa ophunzira ena. A Mwale ndiwo anakafalitsa nkhaniyi ku tchalitchi, atathira mchere wawo, ndipo kuchokera kumeneko inafika ku Nathenje itaduka mutu. Chigongono chimene mwamva ndi chimenechi. Chinali chimodzi, chinagwera pa chotchinga, ndipo chinachita kulamulidwa.

Mayeso a kampani anachitikira m'chipinda chomwe chija, pamaso pa anzanga omwe aja, ndipo mphunzitsi anali wa mpala yemwe uja. Orla anaima pafupi ndi chitseko. Nthawi yanga itakwana, mphunzitsiyo anandifunsa mwachifundo ngati ndikufuna kuti ayambe ndi kugwira dzanja. Ndinamupempha kuti ayambe ndi khosi, kuchokera kumbuyo, ndiponso kuti avale chotchinga chake.

Ndinamva mapazi ake akuyandikira. Sindinganame kuti mantha panalibe. Analipo. Koma mkono utafika, chibwano changa chinali chitatsika kale. Ndinakola, ndinakoka, ndinatsitsa thupi, chiuno kumbali, chigongono m'nthiti, mutu pansi pa mkono, ndipo ndinaima patali ndi kunena mokweza mawu amene malamulo a ntchito amafuna, ouza munthu kuti aime pomwepo. Iye anati tibwereze, ndipo ulendo wachiwiri anandinyamula mpaka zidendene zinasiya pansi. Ndinaponda pamsongolo pake ndi chidendene, mapazi anabwerera pansi, ndipo ndinatulukanso.

Mphunzitsiyo anavula chotchinga, akudzisisita m'nthiti. Anauza Orla kuti chigongono sichili m'buku la kampani, koma munthu akagwidwa pakhosi moyo wake uli pachiswe, ndipo iye sangamulepheretse munthu amene watuluka kawiri. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti anandiphunzitsa ndani.

Ndinayankha kuti, "Apongozi anga."

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete, chifukwa anthu a kuno amakonda nthabwala zonyoza apongozi, ndipo anayesa kuti ndaphunzira nthabwala zawo. Ine sindinaseke nawo. Ndinadikira kuti amalize, ndipo ndinabwereza kuti ndi apongozi anga, mayi Nabanda, namwino, munthu wolemekezeka. Orla analeka kuseka poyamba. Anandiyang'ana, n'kunena kuti Lolemba m'mawa ndikapezeke pakhomo lalikulu.

Ndinakapezeka, ndipo ndilipo kufikira lero. Tadala sanabwereko kusukulu.

Ndatha ine mkamwini wanu,
mlonda wa pakhomo lalikulu, Coolock.